Malemba kapena chikumbumtima: ndani ali ndi mawu omaliza pa moyo wauzimu?

Munthu aliyense amene amaika mtima pa moyo wauzimu amadzafika pa tsiku limene mawu a m'buku lopatulika ndi zimene nzeru zake zikumuuza zimasemphana. Mwina ndi lamulo lakale limene likuoneka lankhanza, mwina ndi nkhani ya chiyambi cha dziko imene sikugwirizana ndi zimene asayansi apeza, kapena ndi mtsogoleri wachipembedzo amene watsegula vesi n'kumuuza kuti achite chinthu chimene chikumbumtima chake chikukana. Alipo amene amati malemba ndiwo ali ndi mawu omaliza, chifukwa ndi mawu a Mulungu pamene munthu ndi wolengedwa wosachedwa kulakwa. Aliponso amene amati munthu ayenera kudalira kulingalira ndi kuzindikira kwake, chifukwa buku lililonse linalembedwa ndi anthu, m'chinenero chawo ndiponso m'nthawi yawo. Mkangano umenewu wachitika pafupifupi m'chipembedzo chilichonse chimene chili ndi buku, koma kawirikawiri umafotokozedwa ngati kuti munthu angathe kutenga mbali imodzi n'kusiya inayo kotheratu, pamene mbiri ikusonyeza kuti sizitheka.

Amene amaika malemba patsogolo ali ndi mfundo zimene si zachibwana. Yoyamba ndi yakuti mtima wa munthu umadziwa kudzinamiza. Buku la Yeremiya, pa chaputala 17, limati mtima ndi wonyenga koposa zinthu zonse, ndipo la Miyambo limachenjeza munthu kuti asatsamire pa luntha lake. Bhagavad Gita, limene Ahindu amalilemekeza kwambiri, nalonso limauza msilikali Arjuna kuti malemba ndiwo akhale muyeso wake posiyanitsa choyenera ndi chosayenera kuchita. Aliyense amene anaonapo momwe munthu amapezera zifukwa zomveka bwino zochitira chimene anali atachilakalaka kale sangapeputse chenjezo limeneli. Mfundo ina, imene imaiwalika nthawi zambiri, ndi yakuti mawu olembedwa amateteza munthu wamba kwa amphamvu. Mfumu kapena wansembe angathe kusintha zonena zake potsata phindu lake, koma zolembedwa zimakhala pomwepo, ndipo wosauka angathe kuloza pa tsamba n'kufunsa kuti, nanga apa palembedwa chiyani?

Vuto ndi lakuti buku silidziwerenga lokha. Pakati pa tsamba ndi zochita za munthu pali zosankha zambiri, ndipo chilichonse mwa izo chimadutsa m'nzeru za munthu. Dziko lili ndi mabuku angapo amene eni ake amati ndi ochokera kumwamba, ndipo munthu sangagwiritse ntchito limodzi mwa iwo poweruza enawo popanda kuyamba walivomereza kale, kutanthauza kuti chigamulo chinapangidwa buku lisanatsegulidwe. Ambiri a ife sitisankha n'komwe, timangolandira buku limene tinalipeza m'banja lobadwiramo. Ngakhale m'chipembedzo chimodzi malire a buku ndi osiyana: Baibulo la Aprotestanti lili ndi mabuku 66, la Akatolika 73, pamene la mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia lili ndi 81, ndipo anthu ndiwo anaika malire amenewa atakambirana ndi kutsutsana kwa zaka mazana. Kenako pamabwera ntchito yosiyanitsa mawu oti atengedwe monga momwe alili ndi oti amvedwe ngati fanizo. Akhristu amene amati amatsatira Baibulo lonse sakolowola diso likawachimwitsa, ngakhale Mateyu 5 akunena zimenezo, ndipo savutika mumtima akavala chovala cha ulusi wa mitundu iwiri, chimene Levitiko 19 akuletsa. Zifukwa zawo n'zomveka, zakuti mawu oyambawo ndi okokomeza ndipo lamulo lachiwirilo linali la pangano lakale, koma kupeza zifukwa zoterezi ndiko kulingalira kumene tikunenaku.

Nkhani ya Martin Luther imaonetsa zimenezi bwino, makamaka chifukwa iye amadziwika monga msilikali wa chiphunzitso chakuti malemba okha ndiwo ali ndi ulamuliro. Pa msonkhano wa ku Worms, ku Germany, mu 1521, ataimikidwa pamaso pa mfumu Charles V kuti akane zimene analemba, anayankha kuti sangatero pokhapokha atatsutsidwa ndi umboni wa malemba kapena ndi mfundo zomveka bwino, nawonjezera kuti kuchita zosemphana ndi chikumbumtima si kolungama ndipo n'koopsa. Ananenadi kuti chikumbumtima chake n'chomangidwa ndi mawu a Mulungu, koma wogamula tanthauzo la mawuwo anali iye mwini, osati papa kapena msonkhano wa mabishopu. Patangopita zaka 8, ku Marburg mu 1529, Luther ndi Huldrych Zwingli, onse awiri okhulupirira malemba okha, anagwirizana pa mfundo 14 mwa 15 koma analephera kumvana pa tanthauzo la mawu a Yesu a pa Mgonero wa Ambuye onena za thupi lake. Vesi linali limodzi lomwelo, ndipo silinathe kuwauza kuti wolondola ndani.

Chitsanzo cholemera kuposa ichi ndi cha ukapolo ku United States m'zaka za m'ma 1800. Abusa oikira kumbuyo ukapolo anali ndi mavesi omveka bwino: Aefeso 6 amene amauza akapolo kumvera ambuye awo, Levitiko 25 amene amalola kugula akapolo kwa mitundu ina, kalata ya Paulo kwa Filemoni yobweza kapolo Onesimo kwa mbuye wake, ndiponso temberero la pa Genesis 9 limene analikhotetsa kuti ligwere anthu akuda. Otsutsa ukapolo anadalira mfundo zikuluzikulu, zakuti anthu onse analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu ndi zakuti munthu achitire mnzake chimene akufuna kuti iye achitiridwe. Kunena mosabisa, pa mpikisano wongowerengetsa mavesi otchula ukapolo mwachindunji, oikira kumbuyo ukapolo ndiwo anali patsogolo. Mkanganowo unang'amba mpingo wa Methodist mu 1844 ndi wa Baptist mu 1845, ndipo bungwe la Southern Baptist Convention, limene linabadwa pa kugawanikako, linadzapepesa poyera mu 1995. M'zaka 150 zimenezo palibe chilembo cha m'Baibulo chimene chinasintha. Chinasintha ndi owerenga, amene anamva umboni wa anthu othawa ukapolo monga Frederick Douglass, naona ndi maso awo chimene ukapolo uli, mpaka chikumbumtima chawo chinakana kumva mavesi aja monga ankawamvera makolo awo. Komabe tisathamangire kunena kuti nzeru zinagonjetsa malemba, pakuti chikumbumtima cha ambiri mwa otsutsawo chinaumbidwa ndi buku lomwelo, ndi nkhani ya Aisraeli potuluka ku Iguputo imene akapolo eni ake ankaiimba.

Ndiye kuti munthu akamati "malemba akutero", kawirikawiri akutanthauza kuti kamvedwe kake ka malemba, kapena ka mphunzitsi wake, kakutero. Funso lenileni si lakuti tigwiritse ntchito nzeru zathu kapena ayi, chifukwa kuzithawa sitingathe. Funso ndi lakuti tizivomereza poyera kuti tikuzigwiritsa ntchito, n'kuzisamala, kapena tizizibisa kuseri kwa vesi kumene palibe angazifunse.

Zipembedzo zikuluzikulu zinazindikira zimenezi kalekale, ndipo chilichonse chili ndi malo amene chimapatsa nzeru za munthu. M'Talmud, buku la ziphunzitso za Ayuda, muli nkhani ya arabi, aphunzitsi a chilamulo chawo, amene ankatsutsana za uvuni wina ngati ndi woyeretsedwa kapena wodetsedwa. Rabi Eliezer anachita zozizwitsa, mpaka mawu anamveka kuchokera kumwamba kumuikira kumbuyo, koma Rabi Yehoshua anaimirira n'kunena mawu a pa Deuteronomo 30 akuti chilamulo sichili kumwamba, kutanthauza kuti chinaperekedwa kale kwa anthu ndipo chiyenera kugamulidwa pokambirana. M'Chisilamu, Ibn Rushd wa ku Cordoba, ku Spain, amene anamwalira mu 1198 ndipo anali woweruza milandu komanso sing'anga, anaphunzitsa kuti choona sichingatsutsane ndi choona chinzake, kotero kuti tanthauzo lapamwamba la vesi likasemphana ndi chinthu chotsimikizika, vesilo liyenera kumvedwa mwa fanizo, ngakhale iye anati ntchito yotere ndi ya ophunzira ochepa okha. Augustine, bishopu wa mpingo wakale, anachenjeza Akhristu kuti asamalankhule zopanda pake za dziko ndi nyenyezi m'dzina la malemba, kuopa kuti akunja angaseke chikhulupiriro chonse, ndipo Galileo, katswiri wa nyenyezi amene ankati dziko limazungulira dzuwa, anagwiritsa ntchito mawu a Augustine omwewo podziteteza mu 1615, ngakhale sanamupulumutse pa mlandu wa mu 1633. Bhagavad Gita ija, itauza Arjuna kuti atsatire malemba, kumapeto imamuuza kuti asinkhesinkhe zonse mokwanira kenako achite monga afunira.

Nkhani imene imatchulidwa kawirikawiri pa mutu uwu ndi ya Buddha, amene anayambitsa Chibuda, ndi anthu a fuko la Kalama, m'tauni ya Kesaputta kumpoto kwa India. Anthuwo anamudandaulira kuti aphunzitsi ambiri amadutsa kwawo, aliyense kutamanda chiphunzitso chake ndi kunyoza cha mnzake, mpaka iwo sakudziwanso wonena zoona. Buddha anawauza kuti kukayika kwawo n'koyenera, ndipo anatchula zinthu 10 zimene asangozidalira: mwambo wolandira pakamwa, mndandanda wa aphunzitsi, mphekesera, malemba, kuoneka waluso kwa wolankhula, ulemu wa mphunzitsi wawo, ndi zina. Anthu ambiri amalekera pomwepa n'kunena kuti Buddha anauza aliyense kuti akhulupirire chimene chikumveka bwino m'mutu mwake. Koma zinthu 4 mwa 10 zija zikukhudza kulingalira kumene: kutsata mfundo m'mutu chabe, kuyerekezera, kukopeka ndi kamvekedwe ka zifukwa, ndi kuvomereza ganizo chifukwa choti walisinkhasinkha n'kulikonda. Muyeso umene anawapatsa ndi wina. Anati akadziwa okha kuti chinthu n'choipa, n'chodzudzulidwa ndi anzeru, ndipo chikachitidwa chimabweretsa tsoka ndi masautso, achisiye, kenako anawafunsa ngati dyera, udani ndi kusokonezeka maganizo zimapindulitsa munthu kapena zimamuwononga. Kuzindikira kumene akunena pano ndi kwa munthu amene wayesa chinthu m'moyo, waona zipatso zake, ndipo wamvanso zimene anthu okhwima akunena. Kungokhala pansi n'kuganiza sikukwanira.

Chenjezo limeneli n'lofunika, chifukwa mbiri ya amene ankati akutsata nzeru kapena kuunika kwa mumtima nayonso ili ndi mabala. Mu 833 mfumu ya Asilamu al-Ma'mun ya ku Baghdad inalamula kuti oweruza ndi ophunzira azifunsidwa ngati akuvomereza kuti Korani ndi yolengedwa, chiphunzitso chimene gulu la Mu'tazila, lodziwika ndi kulemekeza nzeru, linkaphunzitsa. Ahmad ibn Hanbal, mphunzitsi wachisilamu amene anakana, anatsekeredwa m'ndende ndi kukwapulidwa, ndipo chizunzocho chinatenga zaka pafupifupi 15. Apa mbali yotamanda nzeru ndiyo inagwira chikwapu, ndipo womamatira malemba ndiye anaima ndi chikumbumtima chake. Ku England, gulu la Quaker limene George Fox anayambitsa linkaphunzitsa kuti kuunika kwa Khristu kuli mwa munthu aliyense ndipo kungamutsogolere popanda wansembe. Mu 1656 mmodzi wa atsogoleri ake, James Nayler, analowa mumzinda wa Bristol atakwera hatchi, omutsatira akuyala zovala panjira ndi kuimba monga mmene Yesu analowera mu Yerusalemu. Nyumba ya malamulo inamupeza wolakwa pa mlandu wonyoza Mulungu, ndipo anamukwapula, kumuboola lilime ndi chitsulo chamoto ndi kumudinda chilembo pamphumi. Chilangocho chinali chankhanza zedi, koma a Quaker anzake anatsala ndi funso lovuta lakuti munthu akati kuunika kwamuuza, winayo angadziwe bwanji kuti si kudzikuza chabe.

Akatswiri a maganizo a anthu anadzayeza kufooka kumeneku. Mu 1960 Peter Wason anapatsa anthu manambala 2, 4, 6 n'kuwauza kuti apeze lamulo limene manambalawo akutsata, poyesa magulu ena a manambala atatu. Lamulo linali losavuta, lakuti manambala azingokwera, koma ambiri anaganiza lamulo lawolawo n'kumayesa kwambiri zitsanzo zongolitsimikizira m'malo mwa zimene zikanaligwetsa. Ngati timatero ndi manambala amene alibe phindu kwa ife, kuli bwanji ndi nkhani za ndalama, ukwati, ulemu ndi imfa.

Pamene mkanganowu umafika pachimake ndi pa nkhani ya Abrahamu atauzidwa kuti apereke mwana wake nsembe. Immanuel Kant, katswiri wa filosofi wa ku Germany, analemba mu 1798 kuti Abrahamu anayenera kuyankha kuti n'zotsimikizika kuti sayenera kupha mwana wake wosalakwa, koma sizotsimikizika, ndipo sizingatsimikizike, kuti mawu amene akumvawo ndi a Mulungu. Søren Kierkegaard, katswiri wa filosofi wa ku Denmark, mu 1843 anaona zosiyana, kuti chikhulupiriro chenicheni chimafika pamene malamulo a khalidwe labwino sangafike, ndipo n'chifukwa chake chili choopsa. Wowerenga angasankhe yekha mmene amvere nkhani ya m'Genesis, koma pa moyo wa tsiku ndi tsiku ine ndikuona kuti Kant ndiye ayenera kumveredwa. Ku Jonestown m'dziko la Guyana anthu oposa 900 anafa mu 1978 pomvera mtsogoleri mmodzi, ndipo m'nkhalango ya Shakahola ku Kenya mitembo yoposa 400 inafukulidwa kuyambira mu 2023, ya anthu amene, monga opulumuka anafotokozera, anauzidwa kuti asale kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. M'malo onse awiri munali ana. Lamulo lililonse limene likufuna kuti munthu avulaze wosalakwa liyenera kukayikiridwa kaye gwero lake, kaya labwera ndi vesi, kaya ndi loto, kaya ndi mfundo zosanjidwa mwaluso.

Popeza nzeru sitingazithawe koma sitingazikhulupirirenso mwachimbulimbuli, ntchito yotsala ndiyo kuziphunzitsa mwambo. Thomas Aquinas, mphunzitsi wachikatolika, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1200 kuti munthu ayenera kutsatira chikumbumtima chake ngakhale chitakhala cholakwa, chifukwa kuchita chimene ukuchiona kuti n'choipa ndiko kusankha choipa, koma anawonjezera kuti kulakwako sikumuchotsera mlandu ngati kunabwera chifukwa cha ulesi wosafuna kudziwa. Ufulu wotsata chikumbumtima, tsono, umabwera pamodzi ndi udindo wochidyetsa zoona. Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa gulu la Ajezuiti, anasiya malangizo othandiza ngakhale kwa amene si Mkatolika: munthu asasinthe chigamulo chachikulu pa nthawi imene mtima wake uli mumdima ndi m'chisokonezo, adzifunse chimene akanalangiza munthu wachilendo amene ali pa vuto lomwelo, ndipo aganizire chimene adzalakelake atasankha akadzakhala pafupi kufa. Malangizo onsewa akulimbana ndi mdani mmodzi, amene ndi kudzikonda kobisala. Pa chifukwa chomwecho, ganizo limene "kuzindikira" kwandipatsa likakhala lokomera ine, londimasula pa lonjezo kapena londikweza pamwamba pa anzanga, liyenera kufufuzidwa kawiri kuposa limene likundipweteka.

Mwa kaonedwe aka malemba satayidwa, koma amasintha mpando: amachoka pa mpando wa woweruza n'kukhala pa mpando wa mboni. Ndi mboni yakale, yaulemu, imene yaona mibadwo yambiri ikulimbana ndi mantha, chilakolako ndi imfa, ndipo woweruza wopusa yekha ndiye angaitulutse m'bwalo isanalankhule. Phindu lake lalikulu lili pa mavesi amene amatitsutsa, chifukwa buku lochokera m'nthawi ina limaona zimene nthawi yathu yazolowera mpaka kuleka kuziona. Munthu amene amatola m'mabuku opatulika zokhazo zimene ankagwirizana nazo kale sanamve mboniyo, wangomva mawu ake omwe. Komabe mboni imafunsidwa mafunso: inalankhula liti, kwa yani, pa vuto lanji, ndipo umboni wake ukugwirizana bwanji ndi wa mboni zina. Okhulupirira ambiri sangavomereze kuti buku lawo litchedwe mboni chabe, ndipo ali ndi ufulu wotero, koma Baibulo lenilenilo limauza Atesalonika kuti ayese zonse n'kusunga chabwino, limachenjeza pa 1 Yohane 4 kuti mizimu iyesedwe, ndipo pa Luka 12 Yesu akufunsa anthu chifukwa chimene saweruzira okha chimene chili cholungama. Korani nayonso imadzudzula amene amati angotsatira zimene anapeza makolo awo akuchita.

Yankho limene a Quaker anapeza pambuyo pa nkhani ya Nayler linali lakuti kuunika kwa munthu mmodzi kuyesedwe ndi gulu. Amene akumva kuti watsogoleredwa kuchita chinthu amabweretsa nkhaniyo pa msonkhano, anthu amakhala chete ndi kulankhula mosinthana, ndipo saponya voti koma amadikira mpaka onse atafika pa mtima umodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo njira imeneyi yaletsa zolakwa zambiri za munthu payekha. Koma ili ndi mtengo wake umene sitiyenera kuubisa. Mu 1688 amuna anayi a ku Germantown, ku Pennsylvania ku America, analemba chikalata chotsutsa ukapolo n'kuchipereka ku msonkhano wawo wa Quaker. Msonkhanowo unati nkhaniyo ndi yolemera kwambiri n'kuitumiza ku msonkhano wapamwamba, umenenso unaikankhira kwina, mpaka chikalatacho chinangosungidwa. Panafunika anthu ouma khosi monga John Woolman, amene ankayenda nyumba ndi nyumba kukambirana ndi a Quaker okhala ndi akapolo, kuti msonkhano wapachaka wa ku Philadelphia uletse mamembala ake kugula ndi kugulitsa akapolo mu 1758, ndiponso kuti mu 1776 ugamule zochotsa mumpingo aliyense wokana kumasula akapolo ake. Anatsogola mipingo ina yambiri, komabe panapita zaka 88 kuchokera pa chikalata chija, ndipo m'zaka zonsezo amuna anayi aja ndiwo anali olondola pamene gulu linali lolakwa.